Kusankha Mankhwala Ogonetsa Poyeza Kayendedwe ka Magazi mu Ubongo wa Makoswe: Lipoti la Ntchito Imene Tinagwira ku Chipata

Lipoti lino likunena za makoswe oyera a mtundu wa Wistar amene wophunzira wina wa digiri yachiwiri ankachita nawo kafukufuku kuno ku Chipata, ndipo ine ndinaitanidwa monga dokotala wa ziweto kuti ndikaone chifukwa chimene manambala ake ankatsutsirana tsiku ndi tsiku. Funso la mayiyu linali lomveka bwino. Ankafuna kudziwa ngati chakudya cha mchere wambiri chimasintha mmene mitsempha ya magazi ya mu ubongo imatsegukira pamene ubongowo wayamba kugwira ntchito. Kuno kwathu funsoli ndi lolemera, chifukwa kapenta ndi nsomba zouma zimafika pa msika zili ndi mchere wake kale, pa mphasa pamene tikudyera kambale ka mchere sikasowa, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko alowa m'mabanja ambiri. Chimene chinamulimbitsa mtima ndi zimene gulu la Costantino Iadecola la ku New York linafalitsa mu 2018, zosonyeza kuti mbewa zodyetsedwa mchere wambiri zinali ndi magazi ochepa oyenda mu ubongo ngakhale kuti kuthamanga kwa magazi awo sikunakwere.

Munthu wa kum'mawa kuno akamva za mbewa amaganiza za ndiwo zokumba m'munda tikamaliza kukolola, choncho ndiyenera kunena kuti nyama za mu lipoti lino ndi zina. Izi zimabadwira m'khola la labotale, msinkhu ndi kulemera kwake zimadziwika, ndipo ntchito iliyonse yochitidwa pa izo imayamba yavomerezedwa ndi komiti yoona za kasamalidwe ka nyama za kafukufuku.

Njira yoyezera inali yotere. Pamwamba pa mbali ya ubongo imene imalandira uthenga wochokera ku ndevu za khoswe, fupa la chigaza limapalidwa mpaka kupyapyala, kenaka pamaikidwa kamutu ka makina a laser Doppler, amene amawalitsa kuwala kofiira m'timitsempha n'kuwerenga mmene maselo ofiira a magazi akuyendera. Ndevu za mbali inayo ya nkhope zikagwedezedwa ndi kaburashi kwa masekondi 30, maselo a ubongo a pamalowo amadzuka, timitsempha timatseguka, ndipo mzere wa pa kompyuta umakwera. Zoti ubongo umadziitanira magazi pamene ukugwira ntchito zinalembedwa kale ndi Roy ndi Sherrington mu 1890, pomwe kayalidwe ka mbali ya ubongo ya ndevu kanafotokozedwa ndi Woolsey ndi Van der Loos mu 1970. Chofunika kukumbukira n'chakuti laser Doppler satchula mamililita a magazi odutsa pa mphindi. Amangosonyeza kukwera kapena kutsika poyerekeza ndi pamene mzere unayambira, kotero chilichonse chosuntha poyambirapo chimasokoneza muyeso wonse.

Nditatsegula kope la mayiyu ndinapeza kuti masiku ena makoswe ankagonetsedwa ndi jakisoni wa ketamine ndi xylazine, ndipo masiku ena ndi mpweya wa isoflurane, malinga ndi chimene chinalipo m'kabati komanso ngati silinda ya okosijeni inali yodzaza. Sindinamudzudzule, chifukwa katundu wotere amachokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo wophunzira amene nthawi ikumuthera amagwiritsa ntchito chimene wachipeza. M'kopemo munalibe malo olembapo kutentha kwa thupi, kapumidwe kapena kugunda kwa mtima. Ndinapempha kuti ndione muyeso umodzi ndi maso anga ndisananene kanthu.

Unali m'mawa wa mwezi wa July, kukuzizira monga mmene kumachitira m'mphepete mwa mapiri a Chipata nyengo imeneyo. Khoswe nambala 7, wamphongo, wolemera magalamu 290, wa m'gulu lodya mchere, anabayidwa m'mimba ketamine mamiligalamu 80 pa kilogalamu ndi xylazine mamiligalamu 10 pa kilogalamu, womwe ndi mlingo wovomerezeka. Magetsi anali atazima kum'bandakucha. Kompyuta ndi makina oyezera zinkayendera batire, koma kamphasa kotenthetsa kanali kolumikizidwa ku khoma, ndipo palibe amene anazindikira kuti kazizira. Patapita mphindi 35 ndinagwira mchira wa khosweyo ndipo unali wozizira ngati khasu logona pamame. Zikhatho zake, zimene zimayenera kukhala zofiirira, zinali zitatuwa. Ndinalowetsa choyezera kutentha kumbuyo kwake ndipo chinaima pa madigiri 34.2, pomwe mtima unkagunda ka 230 pa mphindi, chonsecho khoswe wamaso mtima wake umagunda koposa ka 300.

Mayiyu anatembenukira kwa ine nati, "Adokotala, ndevu ndikugwedeza koma mzere sukukwera. Kodi n'kutheka kuti mchere wayamba kale kuononga mitsempha?"

Ndinayankha kuti, "Mayi, tiyambe tamufunditsa mnzathuyu, za mcherezo tikamba akadzuka."

Bambo amene amasamalira khola anathamanga kukatenthetsa madzi pa mbaula, tinawathira m'mabotolo awiri, tinakulunga mabotolowo ndi nsalu kuti asamuwotche, ndipo tinamuikira okosijeni pamphuno. Atipamezole, mankhwala ochotsa mphamvu ya xylazine, tinamubaya titadikira kuti mphindi 45 zikwane kuchokera pa jakisoni woyamba, chifukwa ukachotsa xylazine ketamine akadali ndi mphamvu nyama imadzuka ikunjenjemera ndi kuuma minofu. Pofika masana khosweyo anali akudya.

Chimene mayiyu anaona pa kompyuta chikanalembedwa ngati zotsatira za mchere, ndipo palibe wowerenga akanadziwa kuti zoona zake zinali zina. Pali zinthu zitatu zimene zimalamulira magazi a mu ubongo mwamphamvu kuposa zambiri zimene ofufuza amafuna kuyeza, ndipo mankhwala ogonetsa amakhudza zonsezo. Choyamba ndi mpweya wa carbon dioxide m'magazi, uja timatulutsa popuma, umene mwa nyama yopuma bwino umakhala pakati pa 35 ndi 45 mmHg (mmHg ndi muyeso wa mphamvu ya kukankha kwa mpweya kapena magazi). Ukakwera ndi 1 mmHg yokha, magazi oyenda mu ubongo amawonjezeka ndi maperesenti pafupifupi 3 kapena 4, kotero khoswe amene kapumidwe kake kafooka n'kufika pa 55 mmHg amakhala ndi timitsempha totseguka kale, tosatha kutsegukanso kwambiri ndevu zikagwedezedwa. Chachiwiri ndi kutentha kwa thupi. Likatsika ndi digiri imodzi, ntchito ya maselo a ubongo imatsika ndi maperesenti 6 kapena 7, ndiye kuti ubongo wa khoswe wathu pa madigiri 34.2, m'malo mwa pafupifupi 37, unali utataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake zogwiritsa ntchito okosijeni ndi shuga. Kanyama kakang'ono kamataya kutentha msanga chifukwa khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi thupi lake. Chachitatu ndi kuthamanga kwa magazi. Ubongo umatha kusunga magazi ake pa mlingo umodzi malinga ngati kuthamangako kuli pakati pa 60 ndi 140 mmHg kapena pafupi ndi pamenepo, koma kukatsika kupitirira malirewo magazi a mu ubongo amatsika nawo limodzi.

Kuno kuli chinanso chimene mabuku olembedwa m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere sachilabadira. Chipata ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanjayo, ndipo mpweya umene timapuma uli ndi mphamvu yochepa ya okosijeni. Khoswe wamaso sazimva zimenezi, koma wogonetsedwa ndi xylazine, amene akupuma mpweya wamba wa m'chipinda, okosijeni amamuchepera msanga, ndipo kuchepa kwa okosijeni nakonso kumatsegula mitsempha ya mu ubongo.

Sabata yotsatira tinakhala pansi ndi mayiyu komanso womuyang'anira pa maphunziro ake kuti tisankhe mankhwala amodzi a makoswe onse. Ndinawapempha kuti tisayambe ndi kufunsa kuti mankhwala abwino ndi ati, koma tiyambe ndi zimene kafukufukuyo amafuna. Khoswe aliyense anayenera kuyezedwa asanayambe kudya mchere ndiponso kangapo pambuyo pake, choncho anayenera kudzuka ali bwino nthawi iliyonse. Muyeso unkadalira kuti ubongo uzimvabe ndevu ndiponso kuti timitsempha tikhale ndi mpata wotseguka. Ndipo zonsezi zinayenera kutheka ndi zipangizo zimene tinali nazo.

Mfundo yoyambayo inachotseratu mankhwala awiri amene akatswiri ambiri a ntchito imeneyi amawakonda. Alpha-chloralose amasiya ubale wa maselo a ubongo ndi mitsempha uli wamphamvu, koma saletsa bwino ululu, nyama imadzuka movutika kwambiri, ndipo amagwiritsidwa ntchito pokhapokha ngati nyamayo siidzadzutsidwanso. Urethane, pa mlingo wa magalamu 1.2 mpaka 1.5 pa kilogalamu, amagoneka khoswe kwa maola ambiri mtima ndi kapumidwe zili mwakachetechete, koma amayambitsa khansa, choncho nayenso ndi wa muyeso womaliza, ndipo ine sindikanalola wophunzira kumayeza ufa wake m'chipinda chopanda kabati yokoka mpweya. Pentobarbital sitinamuganizire nthawi yaitali, chifukwa amapondereza ntchito ya ubongo, amachepetsa magazi ake, ndiponso amafooketsa kapumidwe.

Pa ketamine ndi xylazine tinakambirana motalikirapo, popeza ndi amene amapezeka mosavuta kuno ndipo ife madokotala a ziweto tinawazolowera. Ubwino wake ndi woti safuna makina ena alionse. Koma ketamine amatseka zolandirira uthenga za NMDA, zomwe ndi mbali ya njira imene maselo a ubongo amaitanira magazi, pomwe xylazine amafinya mitsempha, amachedwetsa mtima, amakweza shuga m'magazi, ndipo amatsitsa magazi a mu ubongo. Choipa kwambiri pa ntchito yathu n'chakuti jakisoni mmodzi sakhala pa mlingo umodzi. Tulo timayamba takuya kenaka n'kumapepuka m'kati mwa mphindi 30 mpaka 45, kotero muyeso wa mphindi ya 15 ndi wa mphindi ya 35 umachitika pa ubongo wosiyana ngakhale khoswe ali yemweyo.

Isoflurane ali ndi ubwino umene ndimaulemekeza kwambiri: ukatembenuza kachitsulo ka pa makina, tulo timasintha m'mphindi zochepa, ndipo nyama imadzuka msanga. Vuto lake ndi lakuti iye mwini amatsegula mitsempha ya mu ubongo, ndipo mlingo ukamakwera imatsegukanso kwambiri. Pa maperesenti 2, amene mayiyu ankagwiritsa ntchito, mzere unkayambira pamwamba, kuthamanga kwa magazi kunkatsika, ndipo mphamvu ya ubongo yosunga magazi ake pa mlingo umodzi inkafooka. Nditayala manambala a m'kope malinga ndi mankhwala a tsikulo, m'malo mowayala malinga ndi chakudya, zinaoneka poyera kuti masiku a isoflurane anali ndi mizere yoyambira pamwamba ndipo masiku a jakisoni anali ndi yoyambira pansi. Mayiyu anayang'ana pepalalo kwa kanthawi osalankhula.

Tinagwirizana kuyesa njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pojambula ubongo wa makoswe ndi makina a MRI mobwerezabwereza, yomwe ndi medetomidine pamodzi ndi isoflurane wochepa. Medetomidine ndi wa banja limodzi ndi xylazine koma amalunjika bwino pa zolandirira zake, amatha kuperekedwa pang'onopang'ono ndi pampu kuti mlingo usasinthe, ndipo atipamezole amachotsa mphamvu yake m'mphindi zochepa. Iye amafinya mitsempha pamene isoflurane akuitsegula, kotero pa milingo yochepa wina amachepetsako zochita za mnzake. Ndinawauza momveka kuti zimenezi sizitanthauza kuti ubongo wafanana ndi wa khoswe wamaso. Kuyeza nyama ili maso ndiye kumapereka chithunzi chenicheni, koma kumafuna kachitsulo kogwirira mutu komanso masiku ambiri ozoloweza nyamayo, ndipo khoswe wosazolowera amachita mantha mpaka mtima ndi kapumidwe n'kusokonekera kuposa mmene mankhwala akanachitira.

Panali nkhawa imodzi imene sindinaibise, ndipo ndikuona kuti ndi pamene njira yathu ili yofooka. Medetomidine amasintha kuthamanga kwa magazi, poyamba kumakwera kenaka n'kutsika, chonsecho kafukufukuyu ndi wa mchere, umene anthu amaudziwa ndi nkhani ya kuthamanga kwa magazi komweko. N'zotheka kuti khoswe wodya mchere angalandire mankhwalawa mosiyana ndi mnzake wa chakudya wamba. Pofuna kuchepetsa vutoli tinagwirizana kuti kuthamanga kwa magazi kuziyezedwa pa mchira tsiku lina khoswe ali maso, kuziyezedwanso ali mtulo pa nthawi ya muyeso, ndiponso kuti lipoti la mayiyu lidzanene poyera kuti zotsatira zake ndi za ubongo umene uli pansi pa mankhwala amenewa.

Ndondomeko imene komiti inavomereza inali iyi. Opaleshoni yopala chigaza inapatulidwa n'kukhala ya tsiku lake, pansi pa isoflurane, maperesenti 4 poyamba ndi 2 popitiriza, khungu litabayidwa bupivacaine wochititsa dzanzi, popeza medetomidine pa mlingo wochepa sakwanira kuchitira opaleshoni. Mankhwala opha ululu a meloxicam ankaperekedwa masiku otsatira, koma muyeso woyamba unkadikira sabata yathunthu, chifukwa mankhwala a gulu limeneli amatseka puloteni ya m'thupi yotchedwa COX-2, imene imathandiza timitsempha kutseguka ndevu zikagwedezedwa. Pa tsiku la muyeso khoswe ankagonetsedwa ndi isoflurane, ankabayidwa medetomidine mamiligalamu 0.05 pa kilogalamu pansi pa khungu, kenaka pampu inkapereka mamiligalamu 0.1 pa kilogalamu pa ola, ndipo isoflurane ankatsitsidwa mpaka theka la peresenti, mu mpweya wowonjezeredwa okosijeni pa mlingo womwewo tsiku lililonse. M'maso tinkapakamo mafuta kuti asaume. Kamphasa kotenthetsa tinakasamutsira ku batire, ndipo mpweya wotuluka unkadutsa m'chitini cha makala osefera kuti ogwira ntchito asamaupume.

Lamulo limene linavuta kwambiri kulisunga linali la kudikira. Isoflurane akatsitsidwa, mitsempha siibwerera nthawi yomweyo, ndipo mzere umatsetsereka pang'onopang'ono kwa mphindi zambiri. Tinakhazikitsa kuti ndevu zisakhudzidwe mpaka mphindi 30 zitadutsa ndiponso mzere utakhala pamodzi kwa mphindi zisanu zotsatizana. Bambo osamalira khola aja, ataona mayiyu akuyang'anayang'ana wotchi dzanja lili pa kaburashi, anamuuza mofatsa kuti, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankasunga nthawi, ndipo ankawerenganso kapumidwe poyang'ana nthiti kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, mphindi zisanu zilizonse.

Tinayesa njirayi pa makoswe anayi a chakudya wamba. Mwa atatu zonse zinayenda bwino: kutentha kunakhala pakati pa madigiri 36.8 ndi 37.3, okosijeni wa m'magazi woyezedwa pa phazi sanatsike pa maperesenti 95, ndipo ndevu zikagwedezedwa mzere unkakwera patapita sekondi imodzi kapena awiri n'kubwerera pamalo pake, mobwerezabwereza. Wachinayi anatiphunzitsa kanthu. Isoflurane anachedwa kutsitsidwa jakisoni wa medetomidine atalowa kale, ndipo mankhwala awiriwa atakumana ali ndi mphamvu mtima unatsika kufika pansi pa ka 200 pa mphindi, kapumidwe nako n'kukhala kapatalipatali. Tinatseka isoflurane, tinabaya atipamezole, khosweyo anadzuka bwino, koma muyeso wa tsikulo sitinauwerengere. Tinalemba m'ndondomeko kuti isoflurane ayambe kutsitsidwa jakisoni akangolowa, ndipo tinaika malire olekera muyeso kuti munthu asamachite kuganiza pa nthawi ya changu.

Makina oyezera mpweya wa m'magazi tinalibe, ndipo kusowa kumeneku n'kwakukulu pa ntchito yotere. Chimene tinatha ndi kubwereka kachipangizo ka m'manja ndi timakatiriji tochepa, timene tinayezera magazi a mu mtsempha wa pa mchira mwa makoswe oyeserawo kuti tione ngati kapumidwe kamene tinkawerenga kankagwirizana ndi carbon dioxide wa pakati pa 35 ndi 45 mmHg. Muyeso wina unadutsako pang'ono malirewo, monga zimayembekezeka pa nyama yopuma yokha popanda makina oipumitsa, ndipo zimenezi zalembedwa monga malire a kafukufukuyu.

Kanthu kena kakang'ono kanatulukira pa thebulo pomwepo. Medetomidine amachulukitsa mkodzo, ndipo nsalu ya pansi pa khoswe inkanyowa muyeso usanathe, zimene zinkamuziziritsa komanso kumuchotsera madzi m'thupi. Mwachizolowezi tikanamubaya madzi a diripi pansi pa khungu asanagone, koma mayiyu mwiniwake ndi amene anandikumbutsa kuti madzi amenewo ndi a mchere, chinthu chomwecho chimene akuchifufuza. Tinagwirizana kuti magulu onse awiri azilandira madzi a diripi ofunda otchedwa Ringer's lactate, mlingo wofanana malinga ndi kulemera, muyeso utatha.

Nkhani yowawa inali ya manambala akale. Anali a milungu isanu ya ntchito, ndipo mayiyu anafunsa ngati tingasunge a masiku a isoflurane okha. Ndinawamvera chisoni, koma ndinawauza kuti popanda kutentha kwa thupi ndi kapumidwe ka masiku amenewo palibe njira yosiyanitsira zochita za mchere ndi zochita za kuzizira, ndipo womuyang'anira anavomereza. Makoswe amene anali atayamba kale kudya mchere sakanathanso kupereka muyeso woyambira, choncho tinawasunga kuti azithandiza pophunzitsa kagwiridwe ka nyama ndi kayezedwe ka pa mchira, m'malo moitanitsa ena a ntchito imeneyo. Gulu latsopano linayamba mu September, kutayamba kutentha, ndipo vuto linatembenuka: masana chipinda chinkatentha kwambiri moti kamphasa kankafunika kutsitsidwa kuti thupi lisapitirire madigiri 37.5, choncho miyeso yonse tinaiika pakati pa 7 ndi 10 koloko m'mawa. Pamene ndikulemba lipoti lino makoswe onse a gulu latsopanoli ayezedwa kawiri ndipo onse anadzuka bwino, tsamba lililonse la kope lili ndi mizere ya kutentha, kapumidwe, mtima ndi okosijeni, ndipo muyeso wachitatu udzachitika pakatha milungu iwiri.